Kutsata mapazi a Jury Chechi, kuchokera ku Prato mpaka ku Torino

Lolemba usiku, Prato

Tafika bwino. Ndege inatitula ku Pisa chakum'mawa, tinakwera sitima mpaka ku Firenze, n'kusinthira ina imene sinathe ngakhale theka la ola kuti itifikitse kuno. Ndili ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 13, amene sukulu yawo yatsekera sabata ino. Achibale atamva kuti tikubwera ku Italy, aliyense ankati tikawaperekere moni kwa Papa. Nditawauza kuti ku Roma sitifikako, tikupita ku Prato, funso linali limodzi: kuli chiyani kumeneko? Ndiyankhe funsoli ndisanagone.

Mu 2004, ndili ndi zaka 24, ndinaduka mtsempha waukulu wa kuchidendene ndikusewera mpira wa Loweruka ku Blantyre. Ndinamva ngati wina wandigenda ndi mwala kumbuyo kwa mwendo. Ndinatembenuka kuti ndione wandichita chipongweyo, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Anandiika chikhakha, ntchito inaima, ndipo amalume ananditengera kwawo kuti azakhali azindiyang'anira. Kunyumbako kunali DStv, ndiye mwezi wa August ndinautha ndili pa mpando, mwendo uli pa katebulo, ndikuonera masewero a Olympics a ku Athens.

Pa 22 August anaonetsa mpikisano womaliza wa jiminasitiki ya amuna pa mphete, mikombero iwiri yolendewera pa zingwe. Panatuluka bambo wamfupi, wa tsitsi lofiirira, wooneka kuti ndi wamkulu kwa anzake onse. Oulutsa anati dzina lake ndi Jury Chechi wa ku Italy, wa zaka 34, ndipo anafotokoza kuti mu 1992 analephera kupikisana pa Olympics ya ku Barcelona chifukwa anaduka mtsempha wa kuchidendene. Amalume anaika kapu ya tiyi pansi, nandiyang'ana.

"Wamva, mphwanga? Chidendene chomwechi."

Sananenenso china. Kuyambira tsiku limenelo dzina la munthuyu silinandichoke m'mutu, ndipo lero ndagona mumzinda umene anabadwiramo pa 11 October 1969.

Lachiwiri, Prato

Prato ndi mzinda wa nsalu. Tinayamba ndi Museo del Tessuto, nyumba yosungiramo mbiri ya nsalu imene ili mu fakitale yakale ya Campolmi, chumuni chake chachitali chikadalipo. Chimene chinandigwira mtima ndi ntchito ya anthu otchedwa cenciaioli. Awa amakhala pakati pa milu ya zovala zakutha, n'kumasankha chimodzichimodzi ndi manja, kutengera mtundu ndi ulusi wake, kuti zikaphwanyidwe n'kupotedwanso kukhala ulusi watsopano wa ubweya. Ine wokulira pa kaunjika ndinaima nthawi yaitali pa zithunzi zawo. Mulu wake ndi womwe uja timaudziwa, kungoti ife timafunamo chovala, iwo amafunamo ulusi. Masiku ano mbali ya Via Pistoiese yadzaza ndi masitolo ndi mafakitale a anthu ochokera ku China, zikwangwani zambiri zili m'chilankhulo chawo.

Pa tchalitchi chachikulu cha Santo Stefano, cha miyala yoyera ndi yobiriwira, pali gome lolalikirapo lomatiriridwa pakona ya kunja, ntchito ya amisiri akale osema, Donatello ndi Michelozzo. Pa gomepo anasema ana akuvina, miyendo ili m'mwamba. Mwana wanga anati, "Adadi, awatu ndi a jiminasitiki." Tinagulanso mabisiketi olimba a mtedza wa alimondi kwa Antonio Mattei, sitolo imene inayamba mu 1858, okulungidwa m'pepala la buluu. Ndi ofunika kuviika m'chakumwa, apo ayi mano amadandaula.

Koma chimene tinadzera ndi kalabu ya Società Ginnastica Etruria, imene inakhazikitsidwa mu 1897. Kumeneku n'kumene Chechi anayambira mu 1976, ali ndi zaka 7. Mlongo wake ndiye ankapitako, iye n'kukopeka, ndipo mphunzitsi wake woyamba anali Tiziano Adofetti. Makolo ake anamutcha Jury polemekeza Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita m'mlengalenga mu 1961. Sitinapemphe kulowa. Tinaima kutsidya kwa msewu chakumadzulo, n'kumaona amayi ndi agogo akubweretsa ana, tizikwama tili kumsana. Panalibe chodabwitsa chilichonse, ndipo n'chimene chinandikhudza. Khomo wamba, ana wamba, wina akulira kuti sakufuna kuvula jekete.

Madzulo m'kashopu ka khofi ndinaonetsa bambo wina wachikulire chithunzi cha Chechi pa foni. Sanayankhule kaye. Anaika kapu pansi, natambasula manja onse awiri mopingasa ngati mtanda, nakhala choncho osagwedezeka. Anzake awiri anaseka, mmodzi n'kunena mokweza, "Il Signore degli Anelli!" Ndilo dzina limene dziko lonse la Italy limamudziwa nalo, kutanthauza mwini wake wa mphete. Kudzera pa foni yomasulira, bamboyo anatiuza kuti mu July 1996, usiku umene Chechi anapata golide wa Olympics ku Atlanta, iye ndi mkazi wake sanagone, chifukwa nthawi imene ku Atlanta kunali madzulo, kuno kunali pakati pa usiku. Anati mawindo ambiri mumsewu wawo ankawala. Khofi wathu anatilipirira ndi iyeyo, tinayesa kukana koma sizinatheke.

Lachitatu, m'sitima yopita ku Varese

Tsiku la ulendo. Sitima itangochoka ku Prato inayamba kulowa m'mapiri a Appennini, ndipo pali ngalande imodzi ya makilomita oposa 18 imene anaitsegula mu 1934. Makutu anatseka. Titatulukira ku Bologna dziko linali lathyathyathya mpaka ku Milano.

Titaima pa Modena ndinakumbuka munthu wina. Bwalo la mpira la mumzindawu, limene silili kutali ndi siteshoni, limatchedwa Stadio Alberto Braglia. Braglia sanali wampira. Anali katswiri wa jiminasitiki amene anapata golide wa Olympics ku London mu 1908 ndi ku Stockholm mu 1912. Chuma chake chinatha, ndipo ku ukalamba ankagwira ntchito yosamalira holo ya masewero. Anamwalira mu 1954. Ndinafunsa mnyamata amene anakhala moyang'anana nafe, wovala sikafu yachikasu ya timu ya Modena, ngati amadziwa kuti Braglia anali ndani. Anati ndi dzina la bwalo lawo. Sindinamuone wolakwa. Dzina likhoza kukhala pa khoma zaka zambirimbiri mwini wake ataiwalika, ndipo zinandipangitsa kuganiza za bambo wa dzulo uja, amene sanatchule dzina koma anatambasula manja.

Ku Milano tinasintha sitima, ola limodzi tili ku Varese. Kukuzizira kuposa ku Prato, mapiri a malire ndi Switzerland ali pafupi. Chechi anasamukira kuno mu 1984, ali ndi zaka 14, kuti azidzaphunzitsidwa ndi Bruno Franceschetti, amene anakhala mphunzitsi wake mpaka kumapeto. Pa msinkhu umenewo ine ndinali kupita ku Fomu 1 ya kogonera konko, sutikesi ya chitsulo pamutu, ndipo ndikukumbuka mmene ndinkalirira m'bulangete sabata yoyamba. Ulendo umene tayenda lero ndi umene Chechi ankayenda akafuna kuona mayi ake.

Lachinayi, Varese

Lero ndagwira mphete ndi manja anga.

Mwana wanga amachita jiminasitiki kumene tikukhala, ndipo mphunzitsi wake anatilumikiza ndi mnzake amene amaphunzitsa anyamata pa kaholo kena kunja kwa mzinda uno. Anatilandira bwino. Mkati munkanunkha choko ndi thukuta, mawindo ali m'mwamba, wailesi ikuimba chapansipansi. Mphetezo zinali kumapeto kwa holo, zikulendewera pa zingwe zazitali, pafupifupi mamita atatu kuchokera pansi. Ndi mikombero iwiri ya thabwa, yotalikirana masentimita 50, mkati mwake masentimita 18. Thabwalo ndi losalala, loyera ndi choko chimene amapaka m'manja, ndipo pamene pamagwira chikhatho pada ndi zaka za ntchito. Anyamata amamanga timalamba tachikopa m'manja, komabe m'zikhatho mwawo muli zikang'a zokhazokha.

Mphunzitsiyo anatsitsa mphete zina zoyeserera mpaka m'chiuno, nandiuza kuti ndidzikweze manja ali owongoka, basi. Ndinadzikweza. Nthawi yomweyo mphete zinayamba kuthawa, ina uku ina uku, mikono ikunjenjemera kuyambira m'mapewa mpaka m'zala. Ndinapirira masekondi anayi kapena asanu. Nditatsika ndinamvetsa chimene ndinakhala ndikuonera zaka 20 osachidziwa. Pa zipangizo zina zonse za jiminasitiki, chipangizo chimakhala chilili, munthu ndiye amayenda. Pa mphete chipangizo chimafuna kuyenda, ndipo ntchito ya munthu ndi kuchiletsa. Oweruza amachotsa mapointi zingwe zikagwedezeka, chigongono chikapindika, ngakhale phewa likakwera pang'ono. Kaimidwe kalikonse ka mphamvu kayenera kugwiridwa masekondi awiri athunthu. Kotchuka kwambiri ndi ka mtanda, kamene kuno amati croce: thupi lili chilili m'malere, mikono yatambasuka mopingasa, kulemera konse kuli pa mapewa ndi m'zigongono. Mphunzitsi anati mnyamata amatha zaka zingapo akuukonzekera mtandawo asanaugwire koyamba.

Anationetsa pa foni yake kanema wa ku Atlanta, amene anati amaonetsa mwana aliyense watsopano. Yang'anani zingwe, anatero, musayang'ane munthu. Zingwezo zinali ngati zajambulidwa pa khoma. Ndipo Chechi ali pa mtanda, nkhope yake inali ngati ya munthu amene akudikira basi, mpaka amatembenuza mutu pang'ono. Potsika anazungulira m'malere n'kuponda pamodzi, mapazi osasuntha.

Mbiri yake ndiilembe pano. Pa Olympics ya ku Seoul mu 1988 anathera pa nambala 6 pa mphete. Pa mpikisano wa dziko lonse anapata buronzi ku Stuttgart mu 1989 ndi ku Indianapolis mu 1991, ndipo mu 1990 ndi 1992 anali kale katswiri wa ku Ulaya. Aliyense ankayembekeza kuti golide wa ku Barcelona ndi wake. Kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, mtsempha uja unaduka ali pa zokonzekera. Ku Barcelona anapitako ngati wothandiza kuulutsa pa wailesi ya kanema, n'kumaona Vitaly Scherbo akutenga mamendulo a golide asanu ndi limodzi, kuphatikizapo ya pa mphete. Ine ndikudziwa mmene zimawawira kuonera anzako akusewera iwe mwendo uli m'chikhakha, chonsecho wanga unali mpira wa Loweruka chabe.

Atachira, palibe anamugonjetsa kwa zaka zisanu pa mpikisano wa dziko lonse: Birmingham 1993, Brisbane 1994, Sabae 1995, San Juan 1996, Lausanne 1997. Pakati pakepo ndiye pali Atlanta, pamene anapata mapointi 9.887, Szilveszter Csollány wa ku Hungary ndi Dan Burincă wa ku Romania n'kugawana siliva. Dziko la Italy linali litakhala zaka 32 lopanda golide wa Olympics pa jiminasitiki, chipatireni Franco Menichelli ku Tokyo mu 1964.

Mwana wanga anayesanso mphete, ngakhale atsikana sapikisana pa chipangizochi. Anakhalitsa kuposa ine, ndipo mphunzitsi anamuombera m'manja.

Lachisanu, Sacro Monte

Takwera phiri. Sacro Monte di Varese ndi njira yotakata ya miyala, yokwera pafupifupi makilomita awiri, ndipo m'mbali mwake muli timatchalitchi 14 timene anayamba kumanga mu 1604. Mkati mwa kalikonse muli ziboliboli zazikulu ngati anthu, zoonetsa zinsinsi za Kolona, ndipo umazionera pa zenera. Miyala yake ndi yobulungira, ndiye chidendene changa chinayamba kuyankhula titangodutsa katchalitchi kachisanu. Chimatero kukazizira. Tinkayenda pang'onopang'ono, n'kumapuma, nyanja ya Varese ikuonekera kumunsi.

Pokwerapo tinakangana pang'ono. Mwana wanga anati, "Adadi, inu mumangoti Chechi, Chechi. Kodi Vanessa Ferrari mumamudziwa?" Ndinati ndinamvapo dzina. Anandiuza mwaukali wa mwana amene akudziwa chinthu kuposa kholo lake: Ferrari wa ku kalabu ya Brixia ku Brescia anakhala katswiri wa dziko lonse ku Aarhus mu 2006 ali ndi zaka 15, anaduka mtsempha wa kuchidendene pa mpikisano womaliza ku Montreal mu 2017, anthu onse akuona, ndipo anabwerera n'kukapata siliva ku Tokyo mu 2021 ali ndi zaka 30. Anawonjezanso Alice D'Amato, amene anapata golide ku Paris mu 2024. Ndinavomera kuti ndinali kuyang'ana mbali imodzi. Mwanayu ali ndi akatswiri ake, ndipo chidendene cha Ferrari chinaduka monga cha Chechi, monga changa.

Koma ndinamupempha kuti andimvere nkhani ya ku Athens mpaka kumapeto, chifukwa sindinamuuzepo yonse. Tinakhala pa khoma lalifupi pafupi ndi katchalitchi ka nambala 10, ka kupachikidwa kwa Ambuye.

Chechi anasiya kupikisana mu 1997. Anabwereranso kuti akateteze golide wake ku Sydney mu 2000, koma kutatsala miyezi yochepa mtsempha wa mnofu wa pamkono unaduka. Kwa munthu wa mphete, apo ndiye pamathera zonse. Kenako bambo ake anadwala kwambiri, ndipo iye anawalonjeza kuti akachira, abwerera ku masewero. Bambowo anachira. Mwana anasunga lonjezo, nayambiranso kukonzekera ali ndi zaka zoposa 33, mkono uli ndi chipsera. Ku Athens ndiye ananyamula mbendera ya Italy pa mwambo wotsegulira.

Pa tsiku lija ndinkaonera kwa amalume, golide anapita kwa Dimosthenis Tampakos wa ku Greece, mwini mudzi, ndi mapointi 9.862. Jordan Jovtchev wa ku Bulgaria anapeza 9.850, Chechi 9.812. Ambiri odziwa masewerowa anaona kuti Jovtchev ndiye anachita bwino koposa. Chechi, amene buronzi yake inali m'manja kale, sanakhale chete kuti asangalale ndi zake. Makamera akumujambula, analoza Jovtchev, kuonetsa poyera kuti woyenera nambala wani ndi ameneyu. Sankadandaulira mendulo yake, ankanenera mnzake wa dziko lina, m'holo yodzaza ndi anthu a ku Greece. Tsiku lotsatira Igor Cassina anapatira Italy golide pa chitsulo chopingasa, ndipo anayeneradi kutamandidwa. Koma ine ndikafunsidwa za Athens, chimene ndimaona ndi dzanja lija likuloza munthu wina. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anthu a kuno amamukondabe chotere. Golide wa 1996 anawapatsa chonyadira, koma mu 2004 anaona khalidwe lake.

Mwana wanga sanayankhe. Patapita nthawi anangofunsa kuti, "Ndiye inuyo munayambiranso mpira?" Ndinamuuza zoona, kuti sindinayambirenso. Chimene ndinachita ndi kusiya kujomba ku fiziyo. Ndinali nditaleka kupitako chifukwa cha ululu ndi kukhumudwa, koma Lolemba lotsatira ndinapempha amalume kuti andiperekeze. Miyezi inayi pambuyo pake ndinasiya ndodo.

Tinafika pamwamba, pa mudzi wa Santa Maria del Monte, dzuwa litapendeka. Potsika tinakwera basi.

Loweruka, Torino

Tsiku lomaliza, ndipo ndilemba mwachidule chifukwa ndege ndi ya m'mamawa. Kuchokera ku Varese tinadzera ku Milano, kenako sitima yothamanga inatifikitsa kuno pa ola limodzi. Tinasiya zikwama, n'kukwera tramu kupita ku Stadio Olimpico.

Pa bwalo limeneli, pa 10 February 2006, panatsegulidwa masewero a Olympics a nyengo yozizira. Munthu woyamba kuonekera pa mwambowo sanali wa masewero a pa chipale. Anali Chechi, atanyamula nyundo yaikulu, n'kumamenya chitsulo chosulirapo, ndipo akamenya moto unkalilima m'mwamba. Torino ndi mzinda wa zitsulo ndi magalimoto a Fiat, ndiye anafuna wosula, ndipo anasankha mapewa amene dziko lonse linkawadziwa. Anali atasiya kupikisana chaka ndi theka m'mbuyomo. Mpaka lero amaonekabe pa wailesi ya kanema nthawi ya Olympics, akufotokozera anthu zimene oweruza akuyang'ana.

Bwalo linali lotseka, kunalibe masewero. Tinazungulira kunja mpaka pa nsanja ya muuni wa Olympics, ya mamita 57, mapaipi achitsulo opotana kumwamba kwake. Pafupi pali paki yaikulu. Pakona ina anyamata anayi anali atamangirira mphete zawo za thabwa pa chitsulo, akusinthana. Mmodzi anayesa kutsitsa thupi kuti agwire mtanda, mikono inafika theka n'kugwa. Mnzake anamukuwiza, "Dai, Jury!" onse n'kuseka, iye n'kupakanso choko. Palibe mmodzi mwa iwo amene anali atabadwa mu 1996.

Mwana wanga anavula nsapato, naima ndi manja pa kapinga, miyendo ili m'mwamba, akuwerenga masekondi mokweza. Ine ndinakhala pa benchi n'kuimbira amalume pa WhatsApp. Akalamba tsopano, maso sakuona bwino, koma nditatembenuza kamera kuti aone anyamata a mphetewo anazindikira msanga.

"Kwa mzungu wamfupi uja?"

"Komweko, amalume. Tayendera kwawo konse."

"Nanga chidendene?"

"Dzulo chakwera phiri."

"Chabwino. Mundipatse mdzukulu wangayo ndimulonjere."

Ndinamuitana. Anati ndidikire kaye, wafika pa 40.